Nsapato za Bambo Thackray

Ku Grimsby mphepo imabwera ndi mchere, imalowa mpaka m'mano.
Ine ndimagwira usiku kunyumba ya okalamba,
kutembenuza matupi, kusintha zofunda, kuwerenga mapilitsi.

M'chipinda nambala naini munali bambo Thackray,
mphunzitsi wopuma, mapapo atatsala theka.
Dokotala anabwera Lachiwiri, manja m'thumba,
nati miyezi iwiri, mwina itatu.
Mkuluyo anayang'ana pansi pa bedi:
"Ndiye nsapato zatsopanozi ndaluza.
Philippa, risiti ija ulinayo?"

Mwana wawo sanaseke.
Milomo inauma, chikwama chinakanidwa pachifuwa.
"Adadi, musakhale facetious."
Anatuluka. Ndinamuona pawindo
atakhala m'galimoto yosaliza, mutu pachiwongolero.

Usiku, ndikuwapukuta msana, ndinafunsa:
mawu aja, bambo, amatanthauza chiyani?

Anatsokomola kaye, nthawi yaitali.
"Ndi kuseka pamene ena avula zipewa.
Nkhani yolemera, iwe n'kuinyamula ndi zala ziwiri
ngati sokosi yonyowa.
Ndinkathamangitsa nawo ana m'kalasi zaka makumi atatu."
Kenako anapempha cholembera,
nalemba kuseri kwa pepala la zakudya za mawa,
dzanja likunjenjemera:
"Taona, Tiyamike. Malembo a liwu onse asanu alimo,
a, e, i, o, u,
ali pamzere, palibe wolumpha mnzake.
Mawu osunga mwambo chotere
kuwapatsa ntchito yotchula munthu wopanda mwambo!"

A, e, i, o, u.
Ndinamva fumbi la Sitandade Wani pakhosi.

Mpaka mbandakucha ndinkawasaka m'chilankhulo changa.
Chipongwe? Ayi, chipongwe chimaluma dala.
Chibwana? Mwana sadziwa kulemera kwa chinthu,
koma awa akudziwa, anamva okha adokotala.
Kuseleula kunayandikira, n'kutsalira pakhomo.

M'mawa ndinawauza kuti kwathu zilipo,
koma sitizitcha mlandu.
Pamaliro adzukulu amavala jekete la malemu,
kutsanzira kayendedwe kake, katsokomoledwe kake,
kulipiritsa ofedwa ndalama ya fodya,
mpaka wamasiye aseke misozi ili m'masaya.
Palibe amawaletsa. Ndi ntchito yawo.

Anatseka maso, ndinayesa agona.
"Kuno ntchito imeneyo ilibe munthu," anatero.
"Ndiye ndidzigwirira ndekha.
Ndine mdzukulu wa maliro anga omwe."

Philippa ankabwera madzulo alionse
ndi mphesa zomwe sizinkadyedwa.
Ankafuna mawu amodzi okha olemera,
oti awasunge,
koma bambo ake ankamufunsa ngati bokosi lili ndi galanti,
ngati wansembe amachotsera mtengo kwa osakhulupirira.
Tsiku lina anandigwira mkono mukhonde:
"Kodi akuopa? Inu amakuuzani?"
Ndinakumbuka folo koloko ya usiku,
dzanja lawo litafinya langa mpaka zala kuchita dzanzi,
opanda nthabwala ngakhale imodzi.
Sindinadziwe kuti chinsinsicho n'changa kapena n'chawo.
Ndinangoti, amagona movutikira.

Miyezi iwiri ija sinakwane.
Anapita patangotha masabata atatu, mvula ikuwaza,
ine ndili kuchipinda china ndi beseni.

Philippa anabwera ndi matumba akuda.
Majuzi, magalasi, wailesi yaing'ono.
Pansi pa bedi katoni,
nsapato zabulawuni zosapondapo dothi,
ndipo m'kati mwa yakumanzere, risiti.
Anali nayo okha nthawi yonseyi.
Kuseri kwake, zilembo zopendama zija:
"Amalola kubweza pasanathe masiku makumi atatu.
Ndayesetsa kufulumira."

Phokoso lomwe linatuluka mwa Philippa
sindingalitche kuseka, sindingalitche kulira.
Anakhala pamatiresi opanda nsalu,
nsapato pamiyendo,
nawatchula mawu aja pang'onopang'ono,
lembo lililonse palokha,
ngati akuitana dzina la munthu ali kuchipinda chinacho.

Ine ndinatsegula windo, monga amatiphunzitsira kuno,
n'kupita kukatembenuza mayi a mu nambala teni.